Ndalama za cilimba na boila imodzi

Tikhala atatu m'nyumba ya lendi ku Kabwata, ndipo tonse tikonda khofi. Mmodzi wa ife anagwilapo nchito ya barista pa kafe ina m'tauni, ndiye anationongela lilime. Kucokela tsiku limene anatilawitsa espresso yeniyeni, khofi ya m'botolo yosungunula na madzi a m'ketulo inaleka kutikomela. Ndalama za cilimba zitafika pa ife, tinagwilizana kugula makina a espresso. Tinaona monga ni nkhani ya tsiku limodzi. Tinakangana mawiki atatu, ndipo mkangano wonse unali pa cinthu cosaoneka, boila imene ili mkati.

Nkhani ili motele. Khofi ifuna madzi otentha pafupifupi madigili 93, okankhidwa na presha ya 9 bar. Mkaka wa cappuccino ufuna nthunzi, ndipo nthunzi yamphamvu ibwela madzi akapitilila madigili 120. Makina aliwonse ali na njila yake yocitila nchito ziwilizi.

Single boiler, monga Gaggia Classic olo Rancilio Silvia, ili na kaboila kamodzi cabe. Uyamba kutulutsa khofi, udina batani, uyembekezela kuti katenthe, ndiye ukonza mkaka. Ukafuna khofi ina, uyenela kukaziziliza coyamba. Zili monga kuphika nsima na ndiwo pa mbaula imodzi.

Heat exchanger ili na boila yaikulu imene ikhala yotentha kufika pa nthunzi, ndipo mkati mwake mupita kapaipi. Madzi a khofi atenthela m'kapaipi kameneka podutsa, conco khofi na mkaka zitheka nthawi imodzi. Koma makina akakhala osaseŵenza, madzi a m'kapaipi apsa kwambili. Uyenela kutayako pang'ono coyamba, apo ayi khofi iwawa monga yopselela. Ambili mwa makina awa ali na mutu wa E61, umene kampani ya Faema inatulutsa mu 1961. Ni citsulo colema, cifuna pafupifupi hafu ya ola kuti citenthe bwino.

Dual boiler ili na maboila awili, ina ya khofi, ina ya nthunzi, iliyonse na kutentha kwake. Palibe kuyembekezela, palibe kutaya madzi. Mtengo wake ndiwo unatikhazika pansi. Palinso thermoblock, imene ilibe boila yosungila madzi: madzi adutsa m'citsulo cotentha, ndipo ikhala yokonzeka mwamsanga. Koma pa makina ochipa, kutentha kwake kusinthasintha ndipo nthunzi ni yofooka.

Barista wathu anaumilila heat exchanger. Wina anafuna kuti tikongole ndalama zoonjezela tigule dual boiler. Wacitatu, amene asunga buku la lendi na malaiti, anafunsa mafunso atatu.

Loyamba linali la malaiti. Tonse tikumbukila 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela maola ocepa, nthawi zambili usiku. Makina ofuna hafu ya ola kuti atenthe angatithandize ciani m'mawa wa mtundu umenewo?

Laciwili linali la madzi. Anatenga ketulo yathu na kutionetsa zoyela zimene zamatilila pansi. Lusaka ikhala pa miyala ya laimu, ndipo zimene zicitika m'ketulo zicitikanso m'boila. Kaboila kamodzi ungakatsuke wekha. Maboila awili na mapaipi ake akatsekeka, masipeya uyitanitsa kunja na kuyembekezela.

Lacitatu ndilo linatiŵaŵa. Anati, "Nanga timwa makapu angati?" Atatu, m'mawa cabe. Tinakhala cete. Zoona zake n'zakuti sitinali kutsegula kafe. Tinali kufuna kuti anzathu akabwela aone cinthu conyezimila m'khichini, ndipo tinatsala pang'ono kuloŵa m'nkhongole cifukwa ca ico.

Tinagula single boiler yakale kwa munthu wina amene anali kusamuka. Ndalama zotsala tinagulila kacigayo kabwino ka khofi, cifukwa olo makina akhale odula bwanji, khofi yogayidwa moipa siikoma. Khofi nayo tigula ya kwathu konkuno, ya ku Kasama olo ya ku Munali kufupi na Mazabuka.

Manje tili na lamulo. Titulutsa makhofi atatu coyamba, ndiye tikonza mkaka kamodzi. Kapu yoyamba izizilako poyembekezela, conco tisinthana: lelo ni uyu, mailo ni uja. Pa Ciŵelu alendo akabwela asanu, pakhala mzele monga pa siteshoni ya basi, ndipo barista wathu saiwala kutikumbutsa kuti heat exchanger ikanatsiliza kale. Timuyankha kuti lendi ya mwezi uno tinalipila pa tsiku lake, ndipo mailo kapu yozizila ni yake.