Kodi Nyenyezi Ziwerengeka?

Ndifuna kukuuzani za tsiku limene mwana wa sukulu anandichititsa manyazi, ndi phindu limene ndinapeza m'manyazimo.

Tinali kuphunzira za Abramu, m'buku la Genesis mutu 15, pamene Mulungu anamtulutsa kunja usiku, namuuza kuti ayese kuwerenga nyenyezi, pakuti mbeu yake idzachuluka chomwecho. Ine ndinafotokoza monga ndazolowera zaka zambiri, kuti nyenyezi zimene tiziona ndi maso siziwerengeka. Pamenepo mnyamata wina wofatsa anaimirira, nati, "Aphunzitsi, kodi alipo munthu amene anayesa kuziwerenga nalephera, kapena tingonena chabe?" Anzake anaseka, koma ine ndinasowa poyankha. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo ndinatero ndi mau aukali, chifukwa mtima wanga unadziwa kuti ndaphunzitsa chinthu chimene sindinachifufuze.

Pofika kunyumba ndinatsegula mabuku, ndipo zimene ndinapezamo zinandizizwitsa. Anthu anayesadi kuziwerenga, ndipo sanalephere. Ptolemy, wa ku Alexandria m'dziko la Ejipito, analemba nyenyezi 1,022 cha m'chaka cha 150, iliyonse ndi malo ake. Akatswiri a masiku ano apeza kuti nyenyezi zonse zimene diso lakuthwa lingathe kuona popanda galasi zili ngati 9,000, kuphatikiza thambo la kumpoto ndi la kumwera. Koma munthu saziona zonsezo nthawi imodzi, pakuti theka lina lili kuseri kwa dziko, pansi pa mapazi ake. Ndiponso zimene zili m'munsi, kufupi ndi mapiri, zizimiririka ndi fumbi ndi chinyezi. Potero munthu woima pabwalo usiku wamdima aona nyenyezi zikwi ziwiri kapena zitatu zokha. Anthu osonkhana pa msonkhano waukulu wa mpingo angathe kuziposa.

Kunena zoona, mtima wanga unabvutika. Ndinati, Kodi ndikawauza ana zimenezi, sadzayesa kuti lonjezo la kwa Abramu linali laling'ono? Ndinalingalira zongokhala chete. Koma ndinaona kuti mphunzitsi wobisa choonadi pofuna kutchinjiriza Mau a Mulungu ali ngati munthu wochirikiza phiri ndi mzati wa nkhokwe. Phirilo silisowa mzatiwo.

Tsono m'mwezi wa June, mvula itatha ndipo utsi wa lupsa usanadzaze mlengalenga, ndinaitana anawo usiku wopanda mwezi. Aliyense anatenga kachidutswa ka nsungwi koboola, nasuzumiramo, nawerenga nyenyezi za m'kabowomo, nalozanso mbali ina. Anadabwa kuona kuti m'kabowo mumalowa zowerengeka zokha, ndi kuti mawerengedwe ao anasiyana, popeza maso a anthu salingana. Chomwecho ndi Nsangwe, zimene zituluka kum'mawa madzulo mvula ikayandikira: ambiri aona zisanu ndi imodzi, a maso akuthwa aona zisanu ndi ziwiri. Pamaso pa onse ndinati kwa mnyamata uja, "Mwanawe, unafunsa bwino, ine ndine ndinalakwa."

Ndipo iye analoza Mlalang'amba, mzere woyera uja wopingasa thambo ngati utsi, nafunsa ngati ndi mtambo. Apa mpamene panali yankho la bvuto langa. M'chaka cha 1610 Galileo wa ku Italy anasindikiza zimene anaona ndi galasi lake loonera kutali: kuti kuyera kumeneko ndi nyenyezi zothithikana, zimene diso silitha kuzilekanitsa. M'Nsangwe momwe anaonamo nyenyezi zoposa 30. Lero tidziwa kuti Mlalang'amba ndilo khamu la nyenyezi zoposa 100,000,000,000, ndi kuti dzuwa lathuli ndi imodzi mwa izo. Munthu akamawerenga imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, zingamtengere zaka zoposa 3,000. Ndipo makamu ena otere alipo ambirimbiri.

Taonani tsono, abale. Zimene Abramu anaziona ndi maso zinali zowerengeka, koma pamwamba pa mutu wake panali zochuluka zimene sanazidziwe. Anaona pang'ono, nakhulupirira zambiri, ndipo zenizeni zinaposa chikhulupiriro chake chomwe. Salmo 147 litiphunzitsa kuti wodziwa chiwerengo cha zonsezo ndi maina ao ndiye Mulungu. Kuwerenga kwa anthu sikunachepetse lonjezo. Kwangoonetsa kufupika kwa maso athu.

Chinthu chimodzi chindimvetsa chisoni. Ana okulira ku Blantyre ndi ku Lilongwe saona thambo monga tiliona ife kumudzi, pakuti nyale za magetsi ziphimba nyenyezi zazing'ono, ndipo ena a iwo sanaonepo Mlalang'amba. Inu amene mukali nao mdima wabwino, musaupeputse. Mwezi ukafa, tulukani ndi ana anu pabwalo, muwalozere Mlalang'amba ndi Nsangwe, muwaphunzitse maina amene makolo anatisiyira. Ndipo mwana akakufunsani chimene simuchidziwa, musamkalipire monga ndinachitira ine. Muziti, "Tiye tikafufuze," pakuti choonadi chonse nchake cha Iye amene analenga nyenyezizo.