Banja likatha ku Milange, nyumba ndi ya yani?

Munthu akawoloka malire pa Muloza kuchokera ku Mulanje, phiri la Tumbine limamuchingamira, tawuni ya Milange ili m'munsi mwake. Mumsewu ndi njinga zokhazokha zosenza chimanga, m'midzi malata ali ng'aning'ani. Malata amenewa ndiwo amautsa mapiri pachigwa banja likatha.

Kuno amuna ambiri ali pachikamwini. Bambo amaumba njerwa, kuwotcha, nkumanga kwawo kwa mkazi. Kale ukwati ukatha ankangonyamula khasu ndi mkeka, ulendo. Nyumba ya malata salola kuisiya choncho.

Ankhoswe akalephera, nkhani imapita kwa amfumu kapena kubwalo la m'dera, mabwalo omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Kumeneko amaitana mmisiri womanga adzawerengere: malata angati, simenti matumba angati, zitseko, mazenera. Mitengo ya mango yobzalidwa pakhomo nayo imalowa. Nthaka yokha saiika pamtengo, poti lamulo la malo la 1997 limati ku Mozambique nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa.

Pena mkangano umakhala pa ndalama: malata anagulidwa pa Limbuli ndi makwacha, chigamulo chikutchulidwa m'mametikali. Nanga thukuta la mayi amene ankatunga madzi oumbira njerwa, mmisiri alilemba pati? Apa mayiyo ali ndi pogwira. Lamulo la mabanja la 2019 limati amene akhala limodzi zaka zoposa 3, ngakhale osalembetsa ukwati, zomwe anapeza ali limodzi nza onse awiri.