Chisanu cha ku Area 3 ndi kachitini ka gasi

Ana anga, amene sanayendepo ku Area 3 mbandakucha wa mwezi wa July sakuchidziwa chisanu cha Lilongwe. Mukachoka kumsika waukulu n'kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, mumapeza nkhungu itagona m'chigwa, udzu wa ku Golf Club uli mbuu ndi mame. Kumtunda kuli nyumba zakalekale, mipanda italiitali ndi mitengo ikuluikulu yomwe imachedwetsa dzuwa. Alonda amakhala ali khuma pageti, akuotha moto wa makatoni.

Kuseri kwa nyumbazi kuli maboyizikota momwe mabanja achinyamata amachita lendi. Mdzukulu wanga ankakhala mu imodzi, iye, mwamuna wake ndi khanda. M'chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, magetsi ankathima maola ambirimbiri, ndiye iwo anagula kasitovu konga kamene amaphikira alendo ogona m'matenti kuderali: kachitini ka gasi, pamwamba n'kumangirapo timafuwa tachitsulo.

Ndinakagonako July yemweyo. Cha m'ma 5 koloko anateleka madzi osambitsa mwana. Moto unayamba bwino, koma posakhalitsa lawi linayamba kufooka, kachitini kali zii ngati kachokera mufiriji.

"Agogo, atibera, gasi watha kale," anatero bambo a mwana. Atakagwedeza, m'kati munali khuchukhuchu. Ndiye anakanyamula kuti akagunditse kumbaula ya aneba. Ine kukuwa kwake, agalu a mpanda wonse anadzuka!

Gasi uja sanathe ayi. M'kachitini amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti ayake amayenera kusanduka mpweya. Posandukapo amayamwa kutentha kwa chitinicho, n'chifukwa chake chimanka chizizira mukamaphika. Butane, yemwe amachuluka m'zitini zotchipa, amaleka kusanduka mpweya cha pa madigiri 0, pomwe propane amapirira mpaka -42. Kuno m'mawa wa June ndi July kumatsika pansi pa madigiri 10, ndiye chitini chogona pasimenti, chodzizizitsanso chokha, sichichedwa kufooka. M'chitini chosakaniza, propane ndiye amayamba kutha, choncho chotsala theka chimavuta kwambiri. Pogula muziwerenga zomwe alembapo.

Chitini chimafuna kufunditsidwa ngati mmene mumachitira ndi mwana, pang'onopang'ono. Chimasuleni kusitovu, muchiike m'kati mwa juzi mphindi zingapo, kenako muchikhazike pathabwa osati pasimenti. Chikafookabe, chiimikeni m'mbale ya madzi pang'ono ofunda oti chigongono sichikupsa. Koma pamoto, pambaula, kaya m'madzi owira, ayi ndithu. Mpweya umachuluka mphamvu m'katimo, chitini n'kuphulika. Ine mabala amoto ndatsuka okwanira pa zaka zanga zaunamwino, ndipo a ana aang'ono sindifuna n'kuwakumbuka komwe. Wina akapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20 n'kuthamanga naye kuchipatala. Za mazira ndi mankhwala otsukira mano zija zisiyeni.

Chinandiopsa koposa n'chakuti zenera anali atatseka, pansi pachitseko atatsekapo ndi chiguduli, ati mwana angazizidwe. Moto uliwonse woyaka m'chipinda chotseka, wa gasi kaya wa makala, umatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha. Wamkulu amamva mutu, chizungulire ndi nseru, koma khanda silinena, limangogona tulo tosadzuka nato. Mukamva zotere zimitsani, tulukani nonse panja, ndipo pitani ku Bwaila kapena ku Central ngakhale mukuona ngati mwapeza bwino.

Tsiku limenelo ndinatsekula zenera ndekha, mwana ndinamubereka kumbuyo ndi zitenje ziwiri, bambo ake kachitini kali m'juzi ngati abisa mkate. Madzi anafunda, mwana anasamba, tiyi tinamwa dzuwa lisanadutse mitengo ija.