Mawu akuti “ndichita” ndi msonkhano woyamba wa sprint

Pali mawu amodzi amene agwetsa ntchito zambiri kuno kwathu kuposa kusowa kwa ndalama, ndipo mawuwo ndi akuti “ndichita”. Pitani pa msonkhano uliwonse, kaya wa komiti ya sukulu, wa kwaya, wa chitukuko cha m'mudzi kapena wa gulu la asayimenti ku koleji. Wapampando akamagawa ntchito, aliyense amagwedeza mutu. Palibe amene amanama mwadala ayi. Tinaleredwa kuti kukana pagulu, makamaka pamaso pa wamkulu, ndi mwano. Choncho timavomera kaye, n'kumakadandaula panjira pobwerera, ndipo tsiku lolonjezedwa likafika foni imapezeka yozima.

Maganizo anga ndi akuti msonkhano wokonzekera sprint, umene anzathu opanga mapulogalamu a kompyuta amauchita m'ndondomeko ya Scrum, phindu lake lalikulu kwa ife ndi limeneli: umapatsa munthu njira yaulemu yonenera kuti ntchito iyi yandikulira. Ndafika pa maganizo amenewa nditatsogolera msonkhano wotere koyamba, kwathu ku Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji.

Kwa amene sanamvepo za Scrum, nkhani yake ndi yaifupi. Mu 1986 Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka analemba mu Harvard Business Review kuti makampani opanga zinthu zatsopano mwachangu amagwira ntchito ngati timu ya rugby, kuyenda limodzi uku akupatsirana mpira. Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaumba ganizoli kukhala ndondomeko imene anaionetsa poyera mu 1995, ndipo mu Febuluwale 2001 anali m'gulu la anthu 17 amene anakumana ku Snowbird, ku Utah, n'kulemba Agile Manifesto. Mfundo yake ndi yakuti ntchito yaikulu muidule m'zigawo zosapitirira mwezi umodzi, zotchedwa sprint, ndipo pakutha pa chigawo chilichonse pakhale chinthu chogwira ntchito chimene mwini wake angachiyese. Agogo anga nditawafotokozera anati, “Ndiye kuti mukunena ndime.” Zoonadi. Waganyu wanzeru sayamba kulima asanayende ndi mwini munda kuona pamene ndime yayambira ndi pamene yathera. Msonkhano wokonzekera sprint ndi kuyeza ndime khasu lisanakhudze nthaka.

Ife tinalipo ophunzira anayi, ndipo tinasankha kugwiritsa ntchito tchuthi kupangira gulu lina la banki m'khonde kapulogalamu ka pafoni kosungira mawerengero. Amene anakulira kumudzi akuidziwa banki imeneyi. Njira yake inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero yafika pafupifupi mudzi uliwonse kuno: anthu amagula masheya mlungu ndi mlungu, amabwerekana ndalama pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, amaponya kangachepe m'thumba la ngozi, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Tsiku logawana ndi limene limayesa ubale. Kusiyana pang'ono pakati pa buku la mlembi ndi ndalama za m'bokosi kumatha kudanitsa anthu amene amatunga madzi pa mjigo umodzi. Gulu lathuli linali kudzagawana mu Disembala, ndipo ndalama zimenezo ndi za feteleza ndi fizi ya Januwale. Sitinali kusewera ndi ma marks okha.

Funso loyamba linabwera msonkhano usanayambe: ndani adzakhale ndi mawu omaliza pa zoti tiyambe ndi chiyani? Scrum imati udindo umenewu, wa Product Owner, ukhale wa munthu mmodzi, osati komiti. Mwachizolowezi tikanangoloza amayi apampando. Koma amene amagona mochedwa ndi buku, amene amalozedwa chala masamu akasemphana, ndi mlembi. Ndinapita kaye kwa apampando kutatsala masiku awiri, ndinakhala pansi n'kuwafotokozera, ndipo iwo eni ndi amene analengeza kuti mlembi ndiye azitiyankha. Scrum Guide silankhulapo za ulendo ngati umenewu, koma popanda iwo mlembi sakanatsegula pakamwa apampando ali pomwepo. Amene akufuna kuyambitsa Scrum kwathu kuno adziwe kuti udindo sumangoperekedwa pa pepala, umayenera kudutsa pakhomo loyenera.

Tinakumana m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, Loweruka m'mawa. Ine ndinali Scrum Master, kutanthauza kuti ntchito yanga sinali kulamula koma kusunga nthawi ndi kuonetsetsa kuti mafunso atatu ayankhidwa: sprint imeneyi tikuichitiranji, tichitamo chiyani, ndipo tichita bwanji. Buku la Scrum, limene linakonzedwanso mu 2020, limapereka maola osapitirira 8 pokonzekera sprint ya mwezi wathunthu. Yathu inali ya milungu iwiri, ndipo ndinalemba pa bolodi kuti ikamakwana 12 koloko tikhale titatseka, chifukwa amayi anali ndi mapoto owadikira.

Pa bolodi lomwelo panali backlog, mndandanda wa zonse zimene gulu linkalakalaka. Zinalipo zambiri: kulemba masheya, kuwerengera chiwongoladzanja, kutsata zindapusa za ochedwa, kutumiza uthenga wokumbutsa angongole, kulumikiza ndi Airtel Money ndi Mpamba, ngakhale kuika zithunzi za mamembala. Anzanga maso anali pa zolumikiza ndi ndalama za pafoni, poti ndi zimene zimaoneka bwino pa CV. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinatembenukira kwa mlembi n'kufunsa kuti, “Amayi, pa zonsezi, ndi chiti chimene chimakusowetsani tulo?” Sanachedwe kuyankha. “Ana anga, ine ndikufuna munthu akandifunsa kuti masheya anga afika angati, ndimuuze pomwepo osatsegula masamba khumi.” Cholinga cha sprint chinabadwa pamenepo, ndipo tinachilemba m'chiganizo chimodzi: pakutha pa milungu iwiri, mlembi athe kulowetsa masheya a membala aliyense n'kuona chiwerengero chake, ngakhale popanda intaneti. Zina zonse zinatsala pa mndandanda kudikira ndime yake.

Kenako tinawerenga masiku. Apa ndi pamene mabuku olembedwa ku America amangodutsa mwachangu, koma ife tiyenera kuchedwapo. Pa kalendala milungu iwiri ndi masiku khumi ogwira ntchito. Pa moyo weniweni wa mwezi wa Seputembala ku Lilongwe kumudzi si choncho. Mnzathu wina ankathirira nazale ya fodya ya bambo ake m'mawa ndi madzulo. Wina anali ndi ukwati wa achemwali ake ku Nsaru, ndipo mukudziwa kuti ukwati si wa Loweruka lokha. Laputopu yodalirika inalipo imodzi, yoyendera maso a magetsi. Bandulo ya intaneti tinali kusonkherana. Ndinapempha aliyense kuti alembe pa kapepala, payekha, masiku amene akudziwa kuti adzakhaladi pa ntchito, ndipo pamwamba pake tinachotsanso tsiku limodzi la zadzidzidzi, chifukwa maliro akagwa m'mudzi palibe amene amatsegula laputopu. Chiwerengero chimene chinatsala chinali chochepa mochititsa manyazi, koma chinali choona.

Mbali imene inanditsimikizira zonse inali ya makhadi. Njirayi imatchedwa planning poker, ndipo anaiyambitsa James Grenning mu 2002, Mike Cohn n'kudzaitchukitsa pambuyo pake. Aliyense amagwira makhadi a manambala monga 1, 2, 3, 5, 8 ndi 13. Ntchito ikawerengedwa, aliyense amasankha khadi losonyeza kulemera kwake, ndipo onse amatembenuza nthawi imodzi. Ife tinadula makhadi athu pa katoni ya sopo.

Titafika pa ntchito yolowetsa mayina a mamembala, mnzathu wa chaka chomaliza, amene tonse timamutcha achimwene poti ndi katswiri pa code, anaonetsa 2. Mtsikana wa chaka choyamba, amene kuyambira m'mawa anali asanalankhule, anaonetsa 13. Lamulo la masewerawa ndi lakuti wa nambala yaikulu ndi wa yaing'ono afotokoze. Mtsikanayo, maso ali pansi, anati, “Achimwene, ine ndinaliona buku lija. Munthu mmodzimodziyo tsamba lina alembedwa ndi dzina la ubatizo, lina ndi mfunda, lina ndi dzina la mwana wake woyamba. Ndiponso anaBanda alimo atatu.” Mlembi anaseka n'kuvomera kuti iye amawasiyanitsa pamtima. Kompyuta ilibe mtima wotero. Tikanapanda kumva zimenezi, masheya a munthu wina akanakalowa kwa mnzake, ndipo kapulogalamu kobwera kudzathetsa mikangano kakanayambitsa waukulu. Tinagwirizana kuti membala aliyense apatsidwe nambala, ndipo mlembi akhale nafe masana amodzi kulumikiza mayina.

Taganizani msonkhano womwewo popanda makhadi. Achimwene akanayamba kulankhula, akanati ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo mtsikana uja akanagwedeza mutu. Sakanatsutsa wamkulu pamaso pa amayi a m'mudzi. Khadi linamulola kusiyana maganizo ndi wamkulu popanda kumudula mawu, pakuti pamene ankalisankha sankadziwa kuti wamkuluyo wasankha chiyani. Ulemu unasungika, choonadi chinatuluka. Sindikudziwa chida china chotsika mtengo chonchi chimene chimachita zonse ziwiri.

Tisanatseke tinagwirizana tanthauzo la mawu akuti “yatha”. Kwa wophunzira, ntchito yatha ikayenda pa laputopu yake. Ife tinalemba kuti ntchito yatha pokhapokha mlembi ataichita yekha pa foni imene adzagwiritse ntchito, ya mwana wake, mawu onse ali m'Chichewa, data itazimitsidwa, ndipo zotsatira zikufanana ndi za m'buku. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tinagwirizananso kuti tsiku lililonse tizikumana kwa mphindi 15, ndipo amene ali kutali azitumiza mawu pa WhatsApp ikamakwana 7 koloko madzulo.

Ena adzati zonsezi ndi miyambo ya m'maofesi a kunja, yodzaza ndi mawu a Chingerezi, ndipo siyenera kumudzi. Pa mawuwo ndikugwirizana nawo. Tsiku lonse lija sindinatchule “sprint” kwa mlembi, tinkangoti ndime, ndipo palibe chinasokonekera. Ena adzati aphunzitsi ndi mabungwe opereka thandizo amafuna pulani yonse ya chaka pa tsiku loyamba, ndiye kuyenda milungu iwiri iwiri kukuthandiza chiyani? Ili ndi vuto lenileni, ndipo Scrum payokha silithetsa. Koma pulani ya chaka yomangidwa pa “ndichita” khumi ndi awiri ndi pepala chabe. Amene wayeza ndime ziwiri kapena zitatu amatha kuuza wothandiza tsiku limene angalikhulupirire.

Komanso kuyamba pang'ono si nzeru yachilendo ku Namitete. Chipatala cha St Gabriel's, chimene chakhala chikutumikira dera lino kuyambira 1959, chili ndi anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi, amene kale ankayenda mitunda italiitali wapansi kapena pa njinga kukapereka malipoti a odwala. Mu 2008 Josh Nesbit, amene panthawiyo anali wophunzira wa ku Stanford, anabweretsa mafoni wamba ndi laputopu yokhala ndi FrontlineSMS, pulogalamu ya Ken Banks, kuti odziperekawo azitumiza mauthenga ku chipatala. Panalibe zokongoletsa. Linali vuto limodzi, la mtunda, ndi yankho limodzi, la SMS, ndipo amene analiyendetsa tsiku ndi tsiku anali odziperekawo pamodzi ndi ogwira ntchito pachipatala. Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, limene zida zake zafika m'mayiko ambiri. Chimene ndikutolapo ine ndi kukula kwa ndime yoyamba: inali yaing'ono, yoti anthu omwe anali pomwepo aimalize.

Milungu iwiri itatha, mlembi analowetsa yekha masheya a mlungu umenewo mamembala akuonerera, ndipo chiwerengero chinafanana ndi cha m'buku. Chiwongoladzanja chinali chisanakhudzidwe n'komwe, za Mpamba osanena. Buku silinatayidwe, ndipo sitinafune kuti litayidwe gulu lisanagawane kamodzi zonse ziwiri zikuyendera limodzi. Chimene tinalonjeza chinali chochepa, koma chinachitika pa tsiku lake, ndipo amayi aja anatilola kuyeza ndime yachiwiri.

Ngati mwapatsidwa kutsogolera msonkhano wotere koyamba, kaya ndi pa pulojekiti ya kalasi, ku mHub kapena pa kampani imene mwapezako malo ophunzirira ntchito, musataye nthawi yambiri kuloweza mawu a Chingerezi. Pezani munthu amene vuto limamupweteka, ndipo mumutsegulire njira yoti alankhule. Tulukani ndi cholinga chimodzi chimene aliyense angachinene osayang'ana pa bolodi. Werengani masiku amene alipodi, osati a pa kalendala. Wamkulu aziyankha pomaliza, kapena onse ayankhe nthawi imodzi. Ndipo wina akalimba mtima n'kunena kuti sakwanitsa, muthokozeni pamaso pa onse, chifukwa wakupulumutsani ku foni yozima ya pa tsiku lomaliza.