Nkhanambo za pamutu pa khanda si uve

Mwezi wathawu mpongozi wanga adandigogodera m'mamawa, khanda lili m'manja, misozi ili lengelenge.

"Amayi, taonani mutu wa mdzukulu wanuyu. Kuchigayo akundinena kuti sindimusambitsa."

Nditamuvula kachipewa ndidaona nkhanambo zachikasu, zamafutamafuta, zitamata pakati pa mutu mpaka paliwombo. Mwini wakeyo, wa masabata 6, ankangoyamwa chala, alibe nazo ntchito. Ndidauza make kuti akhale pansi, chifukwa ine nkhanambo zimenezi ndili nazo mlandu.

Mu 1988, ndili namwino wongotuluka kumene kukoleji, mayi wina adabwera kusikelo ndi mwana wa mutu ngati womwewu. Ndidamukalipira pamzere, anthu onse akumva: "Mayi, kodi sopo wadula bwanji kuti mwana afike apa?" Anthu adaseka.

Patatha sabata adabweranso, mwana thupi lili moto, mutu uli mafinya okhaokha. Ndi manyazi aja, mayiyo adakapala nkhanambozo ndi kabango. Mwanayo tidamugoneka masiku asanu akubayidwa jakisoni. Adachira, koma chidamudwalitsa ndi pakamwa pangapa.

Ndiye amayi ndi agogo anzanga, tamvani. Nkhanambo zimenezi si uve, si chipere, si mphere, ndiponso palibe wamulodza mwanayo. Sizipatsirana ndipo kawirikawiri siziyabwa. Zimatuluka m'miyezi itatu yoyambirira. Madokotala amaganiza kuti mahomoni a mayi otsalira m'thupi la khanda amachititsa khungu kutulutsa mafuta ambiri, ndipo kafangasi kotchedwa Malassezia, komwe kamakhala pakhungu la tonsefe, kamathandizira. Khungu lakufa m'malo moyoyoka limamatana ndi mafutawo. Ana ambiri zimawathera zokha asanakwanitse chaka.

Chochita n'chapafupi. Madzulo pakani Vaseline pang'ono pankhanambopo, mugone naye. M'mawa musambitseni mutu ndi madzi ofunda ndi sopo wa ana, osati wochapira zovala. Sisitani mofatsa ndi kansalu kofewa kapena kamswachi kofewa katsopano. Zimene zafewa zichoka zokha, zokanirira zisiyeni, mudzabwereza mawa. Mafuta aja muwatsuke onse, chifukwa akatsalira amawonjezera nkhanambo. Titsitsi tikathothoka limodzi musadandaule, timeranso. Chachikulu, osamatula ndi chikhadabo, chipeso kaya lezala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuno ku Mchinji mtedza ndi wosasowa, koma mafuta ake musapake khanda, ana ena thupi lawo limadzadana ndi mtedza. Zikatha, pitirizani kumusambitsa mutu kawirikawiri, ndipo chipewa chaubweya masana a mwezi wa Okutobala muzimuvula, mutu uzipitidwa mphepo.

Koma vuto lenileni kwathu kuno kwa Mlonyeni, ngakhalenso kwa abale athu kutsidya kwa malire a Mwami, ndi mantha a liwombo. Ambiri timasambitsa mwana thupi lonse n'kulambalala pakati pa mutu, ati tingaboole. Ena timamatapo mankhwala akuda aja, nkhanambo n'kumaunjikana pansi pake. Pansi pa khungu la paliwombo pali chikopa cholimba, kansalu ndi madzi sizingachiboole. Liwombo limatsekeka lokha, kawirikawiri mwana akamafika chaka ndi theka, kaya mwamatapo kanthu kaya ayi.

Komanso liwombo liyenera kuoneka, chifukwa limatiuza zambiri. Likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi akumuthera m'thupi. Muyamwitseni pafupipafupi, mupatseni ORS, ndipo nyamukani. Likatukumuka mwana ali phee koma thupi likutentha, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Amenewo si odikira kuti kuche. Nanga mukamatapo phala lakuda mudzaziona bwanji zimenezi?

Nazo nkhanambozo pitani nazo kuchipatala ngati zikutuluka madzi, magazi kapena mafinya, ngati zikununkha, ngati zafalikira kumaso, m'khwapa ndi thupi lonse, kapenanso ngati mwana akudzikanda ndipo sakukwera sikelo. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, pitani tsiku lomwelo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzani ngati n'zofunika kukafika kuchipatala chachikulu pa boma.

Mdzukulu wanga tidamuchita zomwezi, ine ndi make, madzulo alionse pakhonde. Pofika sabata yachitatu mutu udali mbee. Dzana mpongozi wanga adapita naye kuchigayo wopanda chipewa.

Mayi wa 1988 uja sindidamuonenso, ndipo dzina lake ndidaiwala. Ngati ali moyo ndipo wina akumuwerengera tsamba lino, mayi, pepani. Mwana wanu mudali kumusamala bwino. Amene samadziwa ndidali ine wa yunifomu yoyera.