Kalata yochokera ku chilumba cha Réunion

Okondedwa Atate ndi Amayi,

Ine ndili bwino, kungoti miyendo imatupa chifukwa choimirira m'khitchini ya sitima yapamadzi kuyambira m'bandakucha. Foni panyanja ndi yodula, n'chifukwa chake ndalemba kalata. Mukawerenga mumupatsire aliyense wopita ku Nyimba kuti alongo anga nawonso aione.

Tinanyamuka ku Durban kulowera kum'mawa, kudutsa kumunsi kwa Madagascar, mpaka tinafika pa chilumba cha Réunion. Sitima imaima pamenepa tsiku limodzi lokha, kufika m'mawa, kunyamuka dzuwa likamalowa. Alendo, amene amalipira ndalama zambiri kuti angoyenda panyanja, amatsika m'mamawa n'kukwera mabasi. Ife antchito timatsika tikamaliza kutsuka mbale za kadzutsa, ndipo ukachedwa kubwerera, sitima siyembekeza munthu.

Chilumba chonsechi ndi mapiri amene anatuluka m'nyanja chifukwa cha moto wa pansi pa nthaka. Lalitali kwambiri, Piton des Neiges, limapitirira pang'ono mamita 3,000, ndipo linazilala kalekale. Linzake, Piton de la Fournaise, la mamita 2,632, likadali lamoyo ndipo limaphulika kawirikawiri. Mu 1977 chiphalaphala chamoto chinatsikira m'mudzi wa Piton Sainte-Rose, chinazungulira tchalitchi cha Akatolika koma nyumbayo inatsala chiimire, ndipo anthu akupempheramo mpaka lero. Mu 2007 chinadula msewu waukulu n'kukagwera m'nyanja. Amayi musade nkhawa, phirili lili kum'mwera chakum'mawa, kutali ndi doko la Le Port pamene tinakocheza. Alendo ambiri anathamangira komweko, koma mitambo imaphimba phirilo dzuwa likangokwera, moti ena anabwerera madzulo akudandaula kuti ndalama zawo zapitira kukaona nkhungu.

Ine ndi mnzanga wa ku Mozambique tinakwera basi yachikasu, imene amaitchula Car Jaune, kupita ku likulu lawo, Saint-Denis. Magalimoto amayenda kumanja kwa msewu, ndipo mtima unali m'mwamba pa mphambano iliyonse. Msewu wakale unkadutsa m'tsinde mwa chiphompho, miyala ikagumuka inkapha anthu. Boma linamanga ulalo wa makilomita 5.4 pamwamba pa nyanja yeniyeni, umene unatsegulidwa mu 2022. Kumanja phiri lakuda loima chilili, kumanzere madzi okhaokha.

Ngakhale kuti chilumbachi chili kufupi ndi Africa, ndi gawo la dziko la France kuyambira 1946. Ndalama zake ndi euro, apolisi ndi a France, zikwangwani zili m'Chifalansa, koma m'basi anthu amalankhula Chikiliyo chawo. Basi inatitsitsa m'mphepete mwa nyanja, ndipo tinayenda pansi kukafika pa Barachois, pamene pali mizinga yakale yoloza kunyanja. Gombe lake ndi la miyala yakuda yobulungira, mchenga palibe. Kunali kotentha koopsa koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ankasambira. Nsomba zolusa zotchedwa shaki zinapha anthu angapo, choncho kuyambira 2013 kusambira n'koletsedwa kupatula m'malo otetezedwa.

Kuchoka apo tinakwera msewu wa Rue de Paris, wa nyumba zamatabwa za makonde aakulu zimene ankakhalamo eni minda ya nzimbe. Mu msewu wina, Rue Maréchal Leclerc, muli mzikiti wa Noor-e-Islam umene unatsegulidwa mu 1905, ndipo ukapitirira umapeza kachisi wa Ahindu wopakidwa mitundu yonse, pomwe tchalitchi chachikulu cha Akatolika sichili patali. Nkhope nazo n'zosakanikirana: Amwenye, Matchaina, Azungu, ndi anthu akuda ngati ife, kawirikawiri m'banja limodzi.

Nthawi yanga yambiri inathera pa msika wa Petit Marché. Amayi, ndinapeza chibwabwa! Chomangidwa timitolo, chowazidwa madzi, pambali pake pali chinangwa, mbatata, therere ndi tsabola wobiriwira wamng'ono woluma kwambiri. Mayi wogulitsayo, wovala duku, anandiona ndikufikisa tsamba ndi zala kuti ndimve ngati ndi lanthete, ndipo anaseka n'kundisonyeza ndi manja m'mene amasadzulira. Amasadzula monga inu, kungoti amakazinga ndi adyo ndi jinja, nsinjiro sathira. Mitengo yokha ndiyo inandiziziritsa nkhongono. Ndalama ya phava limodzi la nthochi kuno, pamsewu pa Nyimba munthu atha kunyamula mkoko wathunthu. Masana tinadya mpunga ndi nyemba ndi soseji yophikidwa m'tomato ndi anyezi, imene amati rougail saucisse. Nsima sindinaione paliponse.

Pamsikapo amagulitsanso vanila, timakoko takuda tonunkhira timene kukhitchini kwathu timathira m'makeke. Mbewuyi sinkabala pachilumbachi kufikira mu 1841, pamene mnyamata wa zaka 12, kapolo, dzina lake Edmond Albius, anatulukira njira yokwatitsira maluwa ake ndi kamtengo kakang'ono ndi chala chachikulu. Eni minda analemera nazo, iye anamwalira wosauka mu 1880. Alimi akugwiritsabe njira yakeyo duwa ndi duwa.

Akapolo a pano ankatengedwa ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique. Mnzanga atamva zimenezi anangoti kakasi, ine maganizo anapita kwa agogo, m'mene ankasimbira za Achikunda ogwira anthu m'chigwa cha Luangwa. Ena mwa akapolowo anathawira m'zigwa zakuya za pakati pa mapiri, ndipo ku chigwa cha Mafate mpaka lero kulibe msewu: anthu amalowako wapansi, katundu amapita pa helikopita. Ukapolo unatha pa 20 Disembala 1848, ndipo tsikuli ndi holide, amaimba ng'oma ndi kuvina maloya usiku wonse. Tinaliphonya ndi masiku ochepa.

Tinabwerera kudoko tikuthamanga, ndipo pofika ndinangovala yunifomu n'kulowa ntchito ya chakudya chamadzulo. Mumuuze mng'ono wanga amene akufuna kusiya sukulu kuti anditsatire: dziko timaliona maola ochepa, masiku ena onse ndi mbale ndi mapoto, Lamlungu lomwe. Ayambe wamaliza giredi 12.

Mawa tikocheza ku Port Louis, ku Mauritius, ndipo ndikapeza intaneti nditumiza ndalama pa foni ya alongo anga. Atate, ndalamazo ndi za feteleza wobereketsa ndi za olimitsa m'munda wa nshawa, zamalata tidzaona pokolola. Mundiuze m'mene mvula ikugwera ku Petauke, ndiponso ngati ng'ombe yodwala ija inachira. Moni kwa amalume, azakhali ndi onse a pamudzi.

Ndine mwana wanu.