Usiku wa Chiperoni ku Goliati

Anthu a ku Thyolo safuna kalendala kuti adziwe kuti mwezi wa Juni wafika. Amangoona nkhungu yoyera ikukwawa m'zigwa, kamphepo kolasa m'mafupa kakuwomba, ndiponso kamvula kopanda phokoso kamene kamanyowetsa munthu osamveka pa malata. Imeneyo ndiyo chiperoni, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumbali kumene mphepoyo imadzera. Ife tinakomana nayo mu Julayi 2024, pa ulendo wokacheza ndi abale athu a mpingo wina wa kufupi ndi Goliati, ndipo inatipeza tili m'galimoto yosamwa petulo kapena dizilo.

Tinalipo asanu: mkulu wa mpingo mmodzi, amayi awiri a Mvano, mnyamata woyendetsa, ndi ife olemba nkhani ino. Tinanyamula mabulangete, matumba a ufa ndi mabuku a nyimbo, mphatso za mpingo wathu kwa mabanja amene anali asanadzukebe bwino chigwereni nyumba zawo ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Galimotoyo inali kalole kotsegula kumbuyo, koyendera batire, ndipo anatibwereka Mkhristu mnzathu amene amakagwiritsa ntchito yoperekera katundu m'sitolo za mu Limbe. Tiyenera kuulula kuti tinanyamuka monyada. Tonse tinali kukumbukira mizere ya galimoto zogona pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2022 ndi 2023, kotero podutsa pa malo otere amayi athu anakupiza manja ngati otsazika mdani. Tinaiwala kuti walira mvula walira matope.

Tinadzera msewu wa ku Bvumbwe kuti anzathu amene anali asanaonepo minda ya tiyi aione. Ndi chinthu chokoma kuona, ngakhale pa tsiku la nkhungu. Mapiri ang'onoang'ono onse afunda zobiriwira zosalala ngati zometedwa ndi lumo, ndipo apa ndi apo mumaona anthu ovala mapepala a pulasitiki, madengu kumsana, akutuluka m'nkhungumo ndi kulowanso. Ife a Sinodi ya Blantyre tili nayo mbali m'mbiri ya mbewu imeneyi, pakuti tiyi anayamba kuyesedwa m'munda wa Mishoni ya Blantyre, ndipo kuchokera kumeneko Henry Brown anakamudzala ku Mulanje mu 1891. Ku Thyolo anafika pambuyo pake, ndipo esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Koma wapaulendo asamangosirira. Makolo a anthu ambiri a kuno, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, analima minda imeneyi pansi pa thangata, ndipo mpaka lero mukangotuluka m'malire a esiteti mumapeza midzi yothithikana, banja lonse likudalira kamunda kosakwana ekala.

Pamene ife tinali kuyang'ana kunja, mnyamata wathu anali kuyang'ana nambala imene inali patsogolo pake. Usiku wa dzulo lake magetsi anali atathima kwawo, kotero tinanyamuka batire lisanakhute. Iye anawerengera kuti mphamvu yake itikwanira, ndipo pa tsiku la dzuwa, pa msewu wa phula, ikadakwaniradi. Koma tinali ndi katundu wolemera, zitunda zinali zambiri, nyali zinali zoyaka usana wonse chifukwa cha nkhungu, ndipo titapatuka kulowa m'misewu ya dothi kukatula ufa m'midzi iwiri, matayala anayamba kulimbana ndi matope ofiira a ku Thyolo. Choposa zonse, abambo mkulu wa mpingo anapempha kuti muyatsidwe chofunditsa cha m'galimoto. Palibe amene anadziwa kuti pempho laling'onoli linali lodula. Galimoto ya petulo imafunditsa okwera ndi kutentha kwa injini, kumene kukadangotayika chabe. Koma ya magetsi ilibe moto wotere, ndipo kufunda kulikonse imachotsa m'batire lomwelo loyendetsa matayala. Tinalowa pa Goliati cha m'ma 4 koloko madzulo nambala ija ili pa 11 mwa 100.

Goliati ndi malo a anthu akhama. M'mbali mwa msewu munali milu ya tomato ndi kabichi, ndipo anyamata anali kudutsa pa njinga ndi zigubu za mkaka, chifukwa dera lino n'lodziwika ndi ng'ombe za mkaka zodyetsera m'khola. Pafupi pomwepo pali Ndata, kumene kunaikidwa Pulezidenti Bingu wa Mutharika mu Epulo 2012, ndiponso sukulu ya ukachenjede ya sayansi, Malawi University of Science and Technology, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Nthambo za magetsi zilipo, zimayenda motsata msewu. Koma mukapatuka pang'ono mumaziona zikudutsa pamwamba pa nyumba zambiri osatsikirapo.

Nyumba ya abusa inali imodzi mwa zimene nthambozo zinatsikirapo. Amayi abusa anatilandira ndi tiyi ndi mbatata yootcha, ndipo mnyamata wathu anadutsitsa chingwe pa zenera la kuchipinda chochezera nachilumikiza ku soketi ya pakhoma. Patapita ola tinapita kukaona: 14. Patapita ola lina: 16, ndipo kanyali ka pa chingwecho kanali kuthima ndi kuyakanso kokha.

"Ndi chisanu ichi," anatero abambo mkulu wa mpingo. "Batire ndi ngati nkhalamba ine, kukazizira silidzuka."

Tonse tinavomereza, kufikira pamene analankhula mtsikana wina wa m'gulu la achinyamata a mpingowo, wophunzira za uinjiniya, amene anabwera kudzathandiza kuphika. Anayamba wagwada, monga mwana woleredwa bwino, nati, "Agogo, mwalasa, koma mwalasa mwendo umodzi." Ndipo anatifotokozera zinthu zimene tiyesa kubwereza pano monga tinazimvera.

M'kati mwa batire la lithium muli timadzi timene mphamvu imayendamo kuchoka mbali ina kupita mbali ina. Kukazizira timadzito timalemera, monga achitira mafuta ophikira m'botolo m'mawa wa Juni, ndipo mphamvu imayenda mwaulesi. Kukazizira kufika poumitsa madzi, kulikakamiza batire kulandira moto mofulumira kumaliwononga, chifukwa lithium uja amaundana pamalo amodzi m'malo molowa m'malo mwake. Pa chifukwa chimenechi galimotoyo ili ndi nzeru yodziteteza: imachepetsa yokha moto wolowa, ndipo zina zimayamba zalifunditsa batire zisanalidyetse. Zimenezi n'zimene zinachitika mumzinda wa Chicago ku America mu Januwale 2024, pamene kunazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo galimoto za magetsi zinaunjikana pa malo otchajira, zina mpaka kuchita kukokedwa. "Koma kuno, agogo," anatero mtsikanayo, "usiku uno mwina tifika madigiri 10. Kwa ife ndi chisanu, kwa batire ndi chimfine chabe."

Vuto lenileni, anatero, linali pakhoma paja. Soketi ya m'nyumba imapereka mavoti 230, ndipo chingwe chathu chinali kukoka maampu 10. Ndiye kuti mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, zonse zikakhala bwino. Batire la kalole kathu limadya mayunitsi pafupifupi 40. Aliyense amene anafika Sitandade 6 angathe kuwerengera yekha kuti limenelo ndi tsiku pafupifupi lathunthu. Ndiponso madzulo, pamene nyumba zonse ndi magolosale zayatsa, mphamvu ya m'nthambo za kumudzi imafooka, ndipo chotchajira chikaona kufookako chimadzidula. Ife tawerenga pambuyo pake kuti ku Norway, dziko la chipale chofewa, pafupifupi galimoto 9 mwa 10 zatsopano zogulidwa mu 2024 zinali za magetsi. Chisanu chokha chikadakhala choletsa, anthu amenewo sakadatero.

Mtsikanayo asanatsirize bwino, cha m'ma 7 koloko, magetsi anathima dera lonse.

Palibe mwini mudzi amene anadabwa. Amayi abusa anatulutsa mbaula, ndipo tinakhala moizungulira pamodzi ndi Akhristu amene anabwera kudzatilonjera. Pamenepo ndi pamene tinazindikira kuti nkhani imene kwa ife inali yachilendo, kwa iwo inali ya masiku onse. Gogo wina anati mwana wake wa ku Johannesburg anamugulira sola ya padenga, ndipo imamuunikira bwino chaka chonse, koma chiperoni ikakhala masiku atatu nyali imafa 8 koloko isanakwane, popeza dzuwa silinaoneke. Mayi wina woweta ng'ombe anati iye akaona mdima wotere amaganiza za thanki yoziziritsira mkaka kumalo kumene alimi amasonkhanitsira. Ikakhala nthawi yaitali yosayaka mkaka umasasa, ndipo thukuta la tsiku lonse lomweta udzu limatayika. Onse anakumbukira 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la ku Kapichira mu Januwale, nachotsa pafupifupi mamegawati 130 m'dziko muno kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi ambiri a Malaŵi amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kalole kathu, kamene tinkati katimasula ku mafuta ochokera kunja, kanali kungodikira mtsinje womwewo pamodzi ndi thanki ya mkaka ija.

Pafupi ndi pakati pa usiku kunamveka odi. Anali bambo wa m'mudzi woyandikana, wopanda nsapato, wonyowa. Mwana wake wa zaka zitatu anali kubanika, chifuwa chikulira, ndipo iye anali atamva kuti kwa abusa kwagona galimoto.

Mnyamata wathu anathamanga kukayatsa. Nambala inali pa 17. Anawerengera mtunda wa kuchipatala, matope ndi mdima, ndipo anabwera nkhope ili pansi. "Bambo, ndikhoza kunyamuka nanu, koma ndikuopa kukuimikani pakati pa njira, pamene palibe ngakhale nyumba." Sitidzaiwala mmene bamboyo anayang'anira galimoto yonyezimira ija, kenaka n'kutiyang'ana ife. Sananene mawu oipa. Abusa anatuma achinyamata awiri kukadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, amayi a Mvano anamasula mtolo natulutsa mabulangete awiri, ndipo mayi wa mwanayo anakwera atam'bereka kutsogolo, atafundidwa mutu womwe. Tinaima pakhonde kuyang'ana kanyali kofiira kakuzimirira m'nkhungu. Kenaka abusa anatitsogolera m'pemphero, ndipo tulo sitinationenso.

Ife sitili m'gulu la onyoza galimoto zimenezi. Ndi zachete, zilibe utsi, ndipo mu Limbe kalole kameneka kamagwira ntchito yake tsiku ndi tsiku mosavuta. Koma mpingo kapena chipatala cha mishoni chikalandira mphatso yotere, akulu a mpingo afunse mafunso amene ife sitinafunse: kodi idzagona kuti, nthambo za pamalopo zili ndi mphamvu yotani, ndipo idzatsala ndi chiyani m'mimba pa ola limene wodwala adzagogoda? Galimoto ya kumudzi siikhala ya mwini wake yekha. Onse amene aiona italowa amaiwerengera.

Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Tinapembedza Sabata limenelo chingwe chili chidutsire pa zenera, ndipo ana a Sande Sukulu anali kusinthana kukasuzumira nambala ndi kudzatinong'oneza. Mapemphero ali m'kati uthenga unafika wakuti mwana uja anam'goneka m'chipatala, kuti chinali chibayo, ndipo anali atayamba kupuma bwino. Tinagawa mabulangete otsalawo masana, tinagonanso usiku wachiwiri umene sitinaukonzekere, ndipo Lolemba m'mawa tinanyamuka nambala ili pa 78. Chiperoni inali ikadalipo. Abambo mkulu wa mpingo anadzikulunga m'chikhoti chawo, nakana okha kuti chofunditsa chiyatsidwe kufikira titaona nyumba zoyamba za mu Limbe.